Chisanu chikaluma ku Mphunzi, katsikeni mukaothere dzuwa, koma dimba musalitaye

Mwezi wa Juni ukafika pakati, m'mawa wa ku Mphunzi m'boma la Dedza sufuna munthu wa malaya amodzi. Nkhungu imagona m'madambo mpaka dzuwa litakwera, madzi a pachitsime amaluma zala, ndipo wolawirira kudimba amapeza udzu utayera mbuu ngati wina wawazapo ufa. Tomato amene dzulo adali wobiriwira amapezeka atawauka nsonga, masamba a mbatatesi atada ngati apsa ndi moto.

Nyengo imeneyi silemetsa mbewu zokha. Zokolola za kumunda zimakhala zalowa m'nyumba, ndalama za soya ndi nyemba zayamba kuchepa m'thumba, ndiwo za kudimba zikukula mwaulesi, ana akutsokomola usiku wonse. Dzuwa likangopendeka aliyense amathamangira pamoto, macheza a pabwalo amatha msanga. Mlimi amene wakhala akugwira khasu kuyambira Okutobala osapuma amayamba kumva kutopa kumene sikutha ndi tulo ta usiku umodzi.

Olima madimba a maluwa ndi ndiwo kumayiko a ku Ulaya amalidziwa vutoli. Kwawoko chisanu chimagwa kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, nthaka imauma gwa ndi madzi oundana, ndipo mumzinda wa London tsiku lalifupi kwambiri silikwana maola 8 a kuwala. Amene ali ndi ndalama amatseka zipangizo m'kanyumba, n'kukwera ndege kukaothera dzuwa ku Spain kapena kuzilumba za Canary. Kwathu kuno dzuwa silisowa chotere, chifukwa ngakhale mu Juni tsiku limapitirira maola 11. Ndipo mlimi wa ku Mphunzi safunika ndege kapena pasipoti. Malo ofunda ali m'boma lake lomwe, kutsika phiri basi.

Ulendo wa masiku atatu kapena anayi wopita kuchigwa cha kunyanja ungathe kukhala mpumulo, msika ndi sukulu pa nthawi imodzi. Koma ungathenso kukusiyani opanda dimba, opanda chimanga, mutagona ndi malungo. Kusiyana kwake kuli pa kakonzekeredwe.

Dzuwa lili kuseri kwa phiri

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja zazikulu za mchere, ndipo ndiyo tauni yokwera kwambiri m'dziko muno. Phiri la Dedza limafika mamita 2,198. Nyanja ya Malawi ili pansi, sifika n'komwe mamita 500. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. N'chifukwa chake tsiku lomwelo limene anthu a kumtunda avala majuzi awiri, anzawo a ku Mtakataka ndi ku Golomoti amakhala akugwira ntchito ndi malaya opyapyala.

Njira yake ndi yodziwika. Mukalowa mumsewu wa M1 n'kudutsa pa boma, mumakhota pa Masasa n'kutsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere mpaka pa Golomoti, pamene mumakumana ndi msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja. Kuchokera apo mukalunjika chakumpoto mumafika ku Mua ndi ku Mtakataka, kenaka Chipoka ndi Salima. Wonyamuka m'mawa amadya nkhomaliro pansi pa mtengo wa mlambe.

Chinthu chothandiza n'chakuti Golomoti ndi Mtakataka ndi madera a zaulimi a boma lomwelo la Dedza, monga mmene zilili ndi Lobi, Linthipe ndi Bembeke. Alangizi a kumtunda ndi a kuchigwa amayang'aniridwa ndi ofesi imodzi. Choncho kalabu ya alimi ikafuna kukacheza ndi anzawo a kumunsi, mlangizi wa m'dera lanu ali ndi poyambira.

Dziwani kaye mmene chisanu chimagwera

Musanaganize za ulendo, dziwani mdani amene mukumusiya kudimba. Chisanu chowaula mbewu sichigwa usiku uliwonse. Chimakonda usiku umene kumwamba kulibe mtambo, nyenyezi zikuwala ngwee, mphepo yati zii. Masana nthaka imamwa kutentha kwa dzuwa, ndipo usiku imakubweza. Kukakhala mitambo, kutenthako kumatchingidwa ngati munthu wofunda bulangete. Kukakhala kopanda mitambo, kumathawira kumwamba, ndipo pofika mbandakucha mame a pamasamba amaundana.

Mpweya wozizira ndi wolemera, ndiye umayenda ngati madzi. Umatsetsereka kuchoka m'mapiri n'kukadikha m'malo otsika. Apa ndiye pali tsoka la mlimi wa kudimba, chifukwa madimba athu ali m'madambo ndi m'mbali mwa timitsinje, malo amene mpweyawo umakagona. Mudzaona kuti bedi la kumunsi kwenikweni lawauka pamene la kumtunda, mapazi makumi awiri okha, silidakhudzidwe.

Mbewu nazo zimasiyana kupirira. Kabichi, repu, mpiru, tchayinizi, anyezi, adyo ndi karoti zimalimba ndi chisanu chapakatikati. Nsawawa zimapirira, koma maluwa ake ndi makoko anthete amawauka. Tomato, mbatatesi, nyemba, maungu, tsabola, mabiringanya ndi chimanga cha kudimba sizichedwa kupsa. Ngati dimba lanu ladzaza ndi gulu lachiwirili ndipo mbewu zili pa maluwa, ulendo udikire. Mapanga awiri avumbwitsa.

Mverani wailesi tsiku lililonse. A nthambi yoona zanyengo amachenjeza kukamabwera masiku ozizira kwambiri, makamaka mu Juni ndi Julayi. Sabata imene achenjeza si yochoka pakhomo.

Konzani dimba musananyamuke

Nthawi yabwino yochoka ndi pamene mbewu zopirira zagwira, patatha masabata awiri kapena atatu chiwokereni, ndipo mulibe nazale yofuna diso la tsiku ndi tsiku. Mbande zongomera kumene sizisiyidwa. Amene mukufuna kudzawokera tomato mu Ogasiti kukayamba kufunda, muwerengere bwino: mbande za tomato zimakhala panazale masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndiye pitani musanafese, kapena mupite mutawokera ndipo zagwira.

Thirirani mokwanira dzulo lake la ulendo, dzuwa likadali pamwamba, kuti masamba aume kusanade. Nthaka yachinyezi imasunga kutentha kuposa youma, koma masamba ogona ali onyowa amaitana chiwawu pa tomato ndi mbatatesi. Musagaule kapena kupalira kutatsala tsiku limodzi, chifukwa dothi lofukulidwa kumene silisunga kutentha.

Pa kabichi, repu ndi anyezi, yalani udzu wouma pansi kuti chinyezi chikhalitse masiku amene mulibe. Koma pa mbewu zosapirira samalani. Udzu wambiri woyala pansi umatchinga kutentha kwa nthaka kuti kusakwere kufika pamasamba usiku. Chofunika pamenepo n'kuphimba pamwamba. Zikani timitengo, pingasani nsungwi kapena bango, ndipo madzulo muziyalapo udzu, mphasa zakutha kapena masaka, m'mawa n'kuchotsa dzuwa likatuluka. Mukagwiritsa ntchito pepala la pulasitiki, lisakhudze masamba, chifukwa pamene lakhudza m'pamene pamawauka.

Mpanda wa udzu umathandiza ukamangidwa mwanzeru. Mbali ya kumtunda ikhale yothithikana kuti mpweya wozizira upatuke. Mbali ya kumunsi musiye mpata kuti umene walowa upeze potulukira. Mpanda wotseka mbali zonse pamalo otsetsereka umasanduka dziwe la chisanu.

Yenderaninso kabichi ndi repu tsamba ndi tsamba. M'nyengo yozizira ndi youma nsabwe za m'masamba zimaswana msanga, ndipo masiku anayi akwanira kuti bedi lonse lipinimbire. Ngati mwapopera mankhwala, muuzeni wotsala tsiku limene mwapopera ndi masiku oyenera kudikira, kuti asathyole ndiwo za ana kapena zogulitsa nthawi isanakwane.

Wotsala ndani, wopita ndani

Dimba silisiyidwa m'manja mwa mwana wa sukulu ndi mawu akuti uziona. Kuphimba madzulo ndi kuvundukula m'mawa ndi ntchito ya munthu wamkulu. Mbuzi ndi ng'ombe zimakhala zitatayiridwa m'nyengo ino, ndipo chobiriwira chokha chimene zikuona ndi dimba lanu. Akuba nawo amadziwa khomo limene eni ake achoka.

Njira yosavuta ndi kusinthana. Mabanja anayi kapena asanu a madimba oyandikana agwirizane: awiri apite sabata ino, otsala asamale madimba onse, sabata inayo asinthane. Gwirizanani poyera za tsiku lothirira, za woyang'anira mpanda, ndi zimene zidzachitike mbuzi ikalowa. Zoterezi zikakambidwa ulendo usanachitike, ubale sudzasokonekera pambuyo.

Pa nkhani ya wopita, abambo tisadzikondere. M'makomo ambiri amene amasenza kheni m'mawa wozizira, kutunga madzi, kusaka nkhuni ndi kugona maso ndi mwana wa chifuwa ndi amayi. Ngati pali wotopa woyenera kukaothera dzuwa, ndi iwowo. Bambo akapita chaka chino, chaka chamawa apite mayi, kapena mupitire limodzi ana akatsekera sukulu, dimba mutasiyira anzanu a mgwirizano.

Tsikani ndi katundu, kwerani ndi katundu

Ulendo wa mlimi umadzilipira wokha ukakhala ndi katundu mbali zonse ziwiri. Zimene kumtunda zili mbwee, kuchigwa n'zosowa. Mbatatesi imafuna malo ozizira kuti ibereke bwino, n'chifukwa chake Dedza ndi Ntcheu ndiwo amadyetsa okazinga tchipisi m'madera ambiri. Pamsika wa Chimbiya, Bembeke kapena Lizulu aliyense amabwera ndi mbatatesi, kabichi ndi nsawawa tsiku limodzi, ndipo venda ndiye amatchula mtengo. Kumunsi katundu yemweyo amakhala mlendo.

Koma kutentha kumene mukukafuna n'komwenso kumaononga katundu. Mbatatesi yokumbidwa isanakhwime khungu imasupuka ndipo imaola msanga. Dulani mitengo yake masabata awiri musanakumbe kuti khungu lilimbe, sankhani yopanda mabala, ndipo muike m'matumba olowa mpweya. Mukafika, isungeni pamthunzi. Ikakhala padzuwa imabiriwira, ndipo yobiriwira siyenera kudyedwa. Kabichi muduleni m'mawa wa tsiku la ulendo, musiye masamba akunja kuti amuteteze. Musanyamule wambiri kuposa amene angathe m'masiku awiri.

Musanakweze thumba pagalimoto, imbani foni kwa wachibale kapena mnzanu wa kumeneko. Funsani tsiku la msika, mtengo wa sabata imeneyo, chiphaso cha pamsika, ndi amene amagula mopikula. Safunsa adadya phula. Mtengo wa thumba pagalimoto mugwirizane musanakwere, osati mutafika.

Pobwerera pali mpunga, umene umakhala utangokololedwa kumene, malambe, bwemba, mikeka ndi nsomba zouma. Za nsomba dziwani kuti miyezi ino ndi ya mphepo ya mwera. Ikakula asodzi salowa m'madzi, usipa umachepa padoko ndipo mtengo umakwera. Musaike ndalama zonse pa nsomba musanaone mmene zilili. Ndipo mugule zouma bwino, chifukwa zachinyezi zikafika kumtunda kwa nkhungu zimachita nkhungu nazonso.

Sukulu ya ku Bwanje

M'dera la Inkosi Kachindamoto, kufupi ndi Mtakataka, muli sikimu ya ulimi wothirira ya Bwanje Valley, ya mahekitala 800, imene idamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Madzi ake amachokera mumtsinje wa Namikokwe, umene umatsika kuchokera kumapiri a kumtunda komwe kuno, ndipo amayenda okha m'ngalande popanda injini. Pambuyo pake padamangidwanso damu ndi thandizo la European Union kuti madzi azipezeka m'chilimwe. Dzinja alimi a kumeneko amalima mpunga, ndipo m'nyengo ino mumapeza chimanga ndi mbewu zina.

Mlimi wa dimba la mabedi khumi angafunse kuti sikimu yaikulu chotere imuphunzitsa chiyani. Yankho lili pa kagawidwe ka madzi. Mikangano ya m'madimba a kumtunda mu Seputembala ndi Okutobala imakhala ya madzi: wa kumtunda watseka kamtsinje, wa kumunsi mbewu zikufota. Ku Bwanje anthu ambirimbiri amamwera mtsinje umodzi, ndipo ali ndi bungwe la ogwiritsa ntchito madzi loyendetsa zimenezi. Kafunseni mmene amagawanira masiku othirira, mmene amatolera ndalama zokonzera ngalande, chilango cha wakuba madzi usiku, ndi zimene zimawavuta mpaka lero. Funsaninso za kugulitsa pagulu, chifukwa mpunga wopuntha ndi kupakira bwino sugulidwa mtengo umodzi ndi wa m'ndowa.

Onaninso mmene amasalazira mabedi kuti madzi afike ponseponse, ndi mmene ngalande imatsatira kutsetsereka kwa malo. Timitsinje tambiri ta kumapiri tingathe kupatutsidwa ndi kangalande kakang'ono, anthu n'kupumako ku kheni ndi thiredo pampu. Tengani kope ndi cholembera. Inunso muli ndi choti muwaphunzitse, monga kasamalidwe ka mbewu ya mbatatesi, kafesedwe ka anyezi ndi kapangidwe ka manyowa. Paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Tsiku limodzi likhale lopuma ndithu. Ku Mua kuli mishoni ya Katolika imene idayamba m'chaka cha 1902, ndi malo a zachikhalidwe a Kungoni amene adayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher m'chaka cha 1976, kumene kumasungidwa mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Kukhala pamchenga, kuyang'ana nyanja, mafupa n'kumva kufunda, si ulesi. Ngakhale munda umafuna kugonera.

Zimene simuyenera kubwera nazo

Mlimi akaona mbewu yokongola kwa mnzake, dzanja limayabwa. Apa m'pamene matenda amakwerera galimoto. Ana a nthochi ochokera kumunda wosadziwika angabweretse chisaka, matenda amene adatha nthochi m'madera ambiri a dziko lino, ndipo alibe mankhwala kupatula kuzula phata lonse. Mitengo ya chinangwa imanyamula khate ndi matenda oola mizu, ngakhale ikuoneka yabwino. Mbande za tomato zimabisa mazira a kambozi koboola masamba ndi zipatso kotchedwa Tuta absoluta, ndipo dothi la kumizu limanyamula tizilombo totupitsa mizu ndi matenda ofotetsa. Ngati mwakonda mtundu wina wa mbewu, lembani dzina lake, mudzafunse mlangizi kumene mungapeze yoyesedwa.

Ziweto n'chimodzimodzi. Nkhuku yotsika mtengo ya pamsika kawirikawiri imakhala yothawitsidwa ku chitopa, ndipo matendawa amakula m'chilimwe. Ngati mwapatsidwa ya mphatso, itsekereni payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zanu, ndipo zanuzo zikhale zolandira katemera wa I-2, wodonthezera m'diso, miyezi inayi iliyonse. Nkhumba kapena nyama yake musanyamule n'komwe. Chigodola chilibe mankhwala, ndipo chimatha khola lonse m'masiku ochepa. Mbuzi kapena ng'ombe siziyenda popanda kalata ya alangizi a ziweto.

Thupi lanu nalo ndi mbewu

Kuchigwa udzudzu umakhalapo ngakhale m'miyezi yozizira, makamaka kufupi ndi minda ya mpunga. Anthu okhala kumalo okwera salumidwa kawirikawiri ngati anzawo a kunyanja, choncho malungo akawagwira amatha kuwagwetsa kwambiri. Neti ikhale katundu woyamba kulowa m'chikwama, ndipo muzigona m'menemo usiku uliwonse, ngakhale eni nyumba akuseke. Malungo saonekera tsiku lomwelo. Amatha kuyamba patatha sabata imodzi, awiri kapena kuposerapo mutabwerera. Thupi likatentha musanene kuti ndi chimfine cha chisanu. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukayezetse, ndipo muwauze kumene mudapita. Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono ndiwo ofunika kusamalidwa koposa.

Likodzo limakhala m'madzi odikha a bango ndi nkhono, m'ngalande ndi m'minda ya mpunga. Musasambe kapena kuchapa m'malo otere. Mukadzaona magazi m'mikodzo patapita masabata, mankhwala ake alipo kuchipatala. Madzi akumwa akhale a pamjigo, owiritsa kapena othira mankhwala. Funsani eni dera malo a ng'ona ndi mvuu, makamaka kumathiriro a mitsinje. Ndipo mwera ukamaomba, musakwere bwato kapena boti, ngakhale akunyengerereni chotani.

Otsala kumtunda nawo asamale. Kugona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mazenera kumapha. Utsi wake suoneka ndipo sununkha, munthu amangogona osadzukanso. Othani moto, koma pogona mbaula ituluke panja. Mwana akamapuma mofulumira kapena nthiti zikamalowa m'kati, chingakhale chibayo, musadikire kuche kawiri.

Chimanga cha ana si thiransipoti

Miyezi ya Juni ndi Julayi ndi imene chimanga chimatsika mtengo chifukwa aliyense ali nacho. Chomwecho chimadzakwera mu Januwale ndi Febuluwale. Wogulitsa matumba awiri lero kuti apeze ya ulendo adzagula ochepa ndi ndalama zambiri, kapena adzathera nthawi yopalira munda wake m'maganyu. Alangizi amawerengera kuti munthu wamkulu amafuna chimanga chokwana makilogalamu pafupifupi 300 pachaka, amene ndi matumba 6 a makilogalamu 50, ndipo mwana theka lake. Werengani anthu a pakhomo panu, patulani chakudyacho, patulaninso ya feteleza, mbewu ndi fizi. Ulendo udye zotsala ndi phindu la kudimba.

Lembani papepala ndalama ya galimoto kupita ndi kubwera, ya katundu, ya chiphaso, ya chakudya ndi ya pogona, kenaka muike ina pambali ya mwadzidzidzi. Ya pobwerera isasakanikirane ndi ya geni. Kuyenda pagulu kumachepetsa mtengo, chifukwa mungathe kuchita hayala galimoto imodzi ndi kuphika limodzi. Magulu a banki m'khonde angathe kukhala ndi kathumba ka ulendo kosonkha pang'onopang'ono kuyambira nthawi yokolola. Katapila yekha musamuyandikire.

Tisabisane, padoko ndi pamsika pamakhala zokopa. Mowa, juga ndi zibwenzi za masiku awiri zamaliza ndalama za mbatatesi za anthu ambiri, ena n'kubwerera ndi matenda. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Kuyenda ndi mkazi wanu kapena ndi anzanu a kalabu kumathandiza munthu kukumbukira chimene adapitira.

Chisanu nachonso ndi chuma

Si onse angathe kupita chaka chino, ndipo palibe chochititsa manyazi. Wotsala asadzitsekere m'nyumba. Sinthani nthawi ya ntchito: yambani kuthirira dzuwa litakwera m'malo molawirira mbandakucha, zimene n'zabwinonso ku mbewu. Gwirani ntchito zolemetsa pagulu, monga kuumba milu ya manyowa, kumweta udzu ndi kukonza zitsime, kuti pakhale macheza. Mitengo ya mapichesi ikayoyola masamba, ino ndiyo nthawi yoidulira, ndipo kuzizira komweku n'kumene kumaithandiza kudzachita maluwa bwino. Mukaona mnzanu wasiya kudya, sakugona, sakufuna kuyankhula kapena akudandaula za ngongole masiku ambiri, musamuseke. Khalani naye pansi, muperekezeni kwa achipatala kapena kwa atsogoleri a mpingo. Kulemedwa mumtima ndi matenda ngati ena onse, ndipo kuli ndi thandizo.

Kumbukiraninso kuti kuzizira kumene mukukuthawa lero, ena adzakufuna mawa. Pofika Okutobala ndi Novembala kuchigwa kumatentha moti anthu amagona panja. Imeneyo ndiyo nthawi yoitana amene adakulandirani. Muli nazo zowaonetsa. Phiri la Mphunzi ndi limodzi mwa malo a zojambula zakale za pamiyala a Chongoni, amene bungwe la UNESCO lidawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 2006. Dera lonseli lili ndi malo 127 a zojambula, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo a Achewa, ndipo alendo amachokera kutali kudzaziona. Mlendo wa ku Golomoti akadzaona zimenezi, n'kuona dimba la anyezi ndi nkhokwe ya mbewu ya mbatatesi, adzabwerera ndi thumba, ndi nambala yanu ya foni.

Ubale wotere ukakhazikika, chaka chinacho simudzafunikanso kuyendayenda ndi katundu pamutu kusaka wogula. Mudzangotumiza thumba pagalimoto, ndalama n'kubwera pafoni, mpunga n'kukwera phiri. Poyambira pake ndi pamsonkhano wa kalabu wa mwezi uno: sankhani sabata, lembani opita ndi otsala, ndipo mupemphe mlangizi aimbire mnzake wa ku Mtakataka.